Kuperekeza aNyaZgambo Kwawo ku Kapichila

Kanta, lole yaing'ono yonyamula anthu ndi katundu, yopita ku Kapichila imaima kuseri kwa msika wa Lundazi, pafupi ndi ogulitsa makala. Ndinafikapo dzuwa lisanatenthe, nditawagwira dzanja aNyaZgambo poopa kuti angasinthe maganizo. Dalaivala anati tinyamuka pompano. Aliyense wa pa boma amadziwa kuti pompano wa dalaivala amadikira kuti munthu agule kaye mbuzi, aimange, mwinanso akamete. Tinalipira makwacha makumi asanu ndi limodzi aliyense n'kukwera pamwamba pa matumba a feteleza.

Ine ndimagulitsa nyemba mumsikamo. Kwathu ndi ku Chipata, kuno ndinatsatira amuna anga. ANyaZgambo ndinawadziwa chifukwa ankagona pansi pa thebulo langa. Poyamba ndinkangopeza makatoni atapindidwa bwino ndi malo atasesedwa. Kenako tinayamba kucheza, iwo m'Chitumbuka ine m'Chinyanja, ndipo nkhani yawo inatuluka pang'onopang'ono. Anakwatiwa ku Mphamba ali mtsikana. Ana awo aamuna awiri anamwalira ali aang'ono, wamkazi anapita ku Migodi ndipo sakudziwika kumene ali. Amuna awo atamwalira, abale a malemuwo anayamba kunena kuti mayiyu ndiye wadya ana ndi bambo womwe. Anasasula malata a nyumba, munda anagawana. Iwo anabwera pa boma chifukwa pamsika munthu amakhala pansi popanda womufunsa kuti ndi wa kwa yani.

Mvula itayamba, madzi ankalowa mumsika, ndipo anagwidwa ndi chifuwa chosatha. Kunamvekanso kuti zipata zizitsekedwa madzulo. Kunyumba kwanga zipinda ndi ziwiri zokha ndi ana anayi. Nditawaumiriza, anandiuza kuti ku Kapichila kuli mlongo wawo, amene ankamutchula kuti adumbu, koma sanaonane zaka zambiri. Cholinga changa chinali chakuti mlongoyo awalandire, kenako apite nawo kukhoti kukafuna nyumba ndi munda.

Injini italira, anathamangira bambo wina wamtali wovala jekete lachikopa n'kudumphira kumbuyo. ANyaZgambo anandifinya dzanja mpaka kupweteka, n'kukokera chitenje kumaso. Anandinong'oneza kuti ameneyo ndi a Lameki, mng'ono wa amuna awo, yemwe anakwera padenga tsiku losasula malata. Pamsika palibe chinsinsi. Wina anali atawauza za ulendo wathu.

Titasiya tala, msewu unali woterera ngati sopo. Mbali zonse anthu anali m'minda, ena akulima ndi ng'ombe, ena akuwokera fodya. Tinali anthu ngati khumi ndi asanu, njinga ziwiri ndi mbuzi imodzi, imene inkayesetsa kudya mpango wa mayi wina. A Lameki maso anali pa ife. Ine ndinkayang'ana mitambo imene inkasonkhana kutsogolo.

Pachigayo china tinaima kutsitsa matumba. Ndinagula vitumbuwa zotentha ndi mango, koma aNyaZgambo anangogwira chitumbuwa m'manja osaluma. Titanyamukanso, a Lameki anatsokomola, n'kupereka monire kwa onse mwaulemu ngati mkulu wa mpingo. Kenako anafunsa anthu ngati akudziwa amene akwera naye. Anafotokoza za ana awiri aja, za mkulu wawo amene anatupa miyendo, ndi za kadzidzi amene akuti ankalira padenga. Sanakweze mawu. Ankalankhula ngati munthu wochenjeza anzake za mlatho wothyoka.

Ndinaona anthu akusuntha. Pa kanta yodzaza chonchija, malo anapezeka mwadzidzidzi kuzungulira ife awiri. Mayi wa mpango uja anatembenuza mwana wake wakumsana kuti asayang'anane nafe. Ndinayankha kuti mkulu wawoyo anamwalirira kuchipatala, madokotala akuona, ndipo ngati mayiyu ali ndi mphamvu zotere bwanji wakhala akugona pa makatoni. A Lameki anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Amai, imwe ndimwe a ku Chipata. Gulitsani nyemba. Za pamudzi pathu simuzidziwa."

Dzuwa litatsala pang'ono kufika paliwombo tinafika pamtsinje wopanda mlatho. Madzi anali ofiira, akuthamanga, ofika m'mawondo. Dalaivala anatsika, anaponyamo mwala, anaganiza, n'kubwerera pachiwongolero. Tinalowa bwino, koma pakatikati matayala akumbuyo anayamba kuzungulira pamalo amodzi, galimoto n'kupendekera kumanzere. Ana analira. Tonse tinatsikira m'madzi, ndipo ine ndinawakoka aNyaZgambo mpaka kutsidya, chifuwa chikuwabanika.

Sindikudziwa amene anayamba, koma mawu anayenda pakati pa anthu kuti galimoto yamangidwa ndi ufiti. Amuna atatu anapita kwa dalaivala kukamuuza kuti akankha pokhapokha aNyaZgambo atsale pomwepo. Ndinayang'ana uku ndi uku. Panalibe nyumba, panali tchire ndi dambo, ndipo kumtunda kunkagunda mvula. Madzi akanakwera, feteleza yense wa anthuwo akanapita, ndipo ndinkadziwa amene akanamuloza chala.

Dalaivalayo anali munthu wonenepa wosakonda kulankhula. Anatulutsa mutu pawindo.

"Sabata yatha ndinatitimila pamene pano nditanyamula abusa awili na kwaya yonse. Nawonso ni mfiti? Kankhani, madzi akwela."

Wina anaseka, ndipo kusekako kunatipulumutsa. Anadula nthambi, anaika miyala, anakankha, kanta n'kutuluka ikulavula matope. Tinakweranso, koma palibe anatilankhula. A Lameki sanakwere. Anali atapeza mnyamata wa njinga yamoto kutsidyako, ndipo tinangoona nsana wa jekete lawo ukuzimiririka kutsogolo kwathu.

Tinatsika pamphambano ya pasukulu, n'kuyamba kuyenda wapansi m'kanjira ka m'minda. Ine ndinasenza kamtolo kawo, kamene munali poto mmodzi, bulangete ndi zitenje. Tayala la njinga yamoto linali litasiya mzere watsopano m'matope, ndipo tinkautsatira ngati tikulondola nyama. Pachulu china aNyaZgambo anakhala pansi n'kunena kuti tibwerere. Anati kumsika n'kozizira koma palibe amene amawakana, chifukwa palibe amene amamupempha. Kukanidwa ndi munthu wobadwa naye mimba imodzi ndiko sakanatha kupirira. Ndinangowauza kuti kanta yobwerera kulibe mpaka mawa. Anadzuka.

Tinalowa m'mudzi madontho oyamba akugwa. Njinga yamoto inali pansi pa mtengo wa mango. Pakhonde la nyumba ya njerwa panali a Lameki, chikho cha thobwa m'manja, pambali pawo mkulu wa imvi wa nkhope yofanana ndendende ndi ya aNyaZgambo. Ndinati odi. Palibe anayankha. Ndinabwerezanso, ndipo kukhitchini kunatuluka mayi wamfupi, manja ali ufa, amene pambuyo pake ndinadziwa kuti ndi aNyaPhiri, akazi a pakhomopo. Anatiyalira mphasa kumapeto kwa khonde.

Moni unayenda mwamwambo, muli uli, tili makora, koma mkuluyo, a Zgambo, mlongo wawo uja, ankayang'ana pansi. Kenako analankhula, ndipo zambiri ndinazimva. Anati malo ndi ochepa, ana awo aamuna atatu akwatira ndipo akulimbirana kale munda womwewo. Anati ng'ombe za malowolo a mlongo wawo zinatha kalekale, zina ndi matenda, zina zinalowolera ana, ndipo a Lameki anena kuti nkhani ya nyumba ikangofika kukhoti, a ku Mphamba adzafuna ng'ombe zawo. Za ufiti sanatchule, koma anati anthu a m'mudzi amalankhula. Apa ndinamvetsa chimene a Lameki anathamangira. Sankaopa mfiti, ankaopa khoti.

Ndinayamba kufotokoza kuti malamulo salola kulanda katundu wa mayi wamasiye, ndiponso kuti pa boma pali ofesi yothandiza nkhani zotere. ANyaZgambo anandigwira bondo kuti ndisiye. Anachotsa chitenje kumutu, n'kuyang'ana mlongo wawo koyamba.

"Adumbu, sindinabwerere malata kapena munda. Ndikufuna chitseko choti ndizitseka ndikamagona. Basi."

A Zgambo anapukusa mutu pang'onopang'ono, n'kunena kuti agone lero, mawa aone chochita. Tonse tinadziwa tanthauzo la mawa ameneyo. A Lameki anaika chikho pansi ngati munthu amene wamaliza ntchito.

ANyaPhiri anali atakhala pakhomo la khitchini nthawi yonseyi. Anapukuta manja pachitenje, n'kufunsa amuna awo modekha, alendo tikumva.

"Adada, nanenso pano ndine wobwera. Tsiku limene mudzatsogole inu, abale anu adzandiperekeza ku msika uti?"

Mvula inali italimba pamalata. Mayiyo anadzuka, ananyamula kamtolo kaja, n'kukalowa nako m'kanyumba kaudzu kamene ankasungiramo mbewu ndi makasu. Tinamva akukoka matumba. Atatuluka anaitana aNyaZgambo kuti mulamu, bwerani muone ngati sikakudontha.

A Zgambo anasisita mawondo. Kenako anatembenukira kwa a Lameki n'kuwauza kuti anyamuke mtsinje usanadzaze, ndipo ngati a ku Mphamba akufuna ng'ombe abwere ndi akuluakulu masana, adzakambirane pamodzi ndi nkhani ya malata. A Lameki anachoka osatsazika.

Ndinagona m'kanyumba komweko. Madzulo aNyaPhiri anatipatsa nkhwani wotendera ndi mbatata, ndipo aNyaZgambo anadya koyamba tsiku limenelo. M'mawa kunabwera amayi awiri a kumpingo, amene analonjeza kuti akakolola adzaumba njerwa, ndipo wina anati adzawaperekeza kuchipatala chaching'ono za chifuwa chija. Koma ndinaonanso mpongozi wina wa pakhomopo akukokera mwana wake kutali ndi kanyumbako. Sindingakunamizeni kuti zonse zinatha bwino. Nyumba ya ku Mphamba sinabwerere, ndipo za khoti eni ake sakufuna kuzimva mpaka lero. Zimenezo zimandiwawabe.

Pobwerera ndinakwera kanta yomweyo, mtsinje utaphwa. Njira yonse ndinkaganiza za ena amene amagona mumsika mwathu. Pali mnyamata wotuluka kundende amene kwawo anamukana, bambo wodwala mutu amene anasowa womutengera mankhwala, ndi mayi wothawa nkhonya za mwamuna. Kale ndinkawaona ngati anthu a mtundu umodzi, osowa nyumba. Tsopano ndikuona kuti ambiri nyumba anali nazo, ndipo alipo amene anawatsekera, nthawi zina chifukwa cha dyera, nthawi zina chifukwa cha mantha. Kumanga njerwa n'kosavuta. Chovuta n'kupeza munthu mmodzi pakhomo amene angalankhule ena onse ali chete.

Nditafika kunyumba ndinapeza amuna anga akukonza njinga pabwalo. Ndisanavule n'komwe nsapato zamatope, ndinawafunsa kuti nyumba yathuyi, imene tinamanga ndi nyemba zanga ndi malipiro awo, abale awo amaidziwa kuti ndi ya yani. Anaseka, n'kufunsa ngati ndayamba kuwafunira imfa. Ataona kuti ine sindikuseka, anaika sipanala pansi n'kundikokera mpando.