Masamba Amene Mwana Wanga Anatafuna

Seveni koloko m'mawa inakwana Amakiyi atapana kale kiyi pachitsulo, tupa ikulira kwee, kwee. Ine ndinali kuthira mafuta m'makina anga osokera, mwana ali kumsana, koma ndinali ndi mlandu woti ndiulule.

Khonde lathu ndi limodzi. Iwo amakhala kumanja ndi thabwa lawo la makiyi, ine kumanzere ndi nsalu. Anthu amawatchula Amakiyi, iwo amanditchula Atelala. Ndi bambo wachikulire, wamfupi, zala zakuda ndi fumbi la chitsulo. Maso awo saonanso zilembo zing'onozing'ono, koma kiyi akangomusisita ndi chala amadziwa dzino limene ladyeka.

Mbiri yawo sabisa. Ali achinyamata, anzawo ankawatenga kukatsekula nyumba za eni, ndipo anakhala kundende zaka zinayi. Atatuluka anadziikira lamulo: wobwera ndi kiyi weniweni amamudulira wina, koma wobwera wopanda kiyi, iwo amayamba akaona chitsekocho ndi mwini wake. Papita zaka makumi atatu osaliphwanya lamuloli.

Amakonda mabuku a nkhani za akuba ndi apolisi. Popeza maso anawakana, ndimawawerengera ine masana makasitomala akachepa. Sukulu ndinalekera ku pulayimale, koma kuwerenga ndimatha ndithu. Buku limene tinali nalo mwezi umenewo linali la munthu wokonza maloko amene anatsekulira mbava nyumba ya munthu wolemera, nathawa. Wapolisi wa m'bukumo ankangonena kuti wakuba amachita kubadwa, ndipo amafa ali wakuba.

"Atelala, bwerezani pamenepo," ankatero Amakiyi. "Akunena zimenezo ndi wapolisi kapena mwini bukuyo?"

"Ndi wapolisi, bambo."

"Chabwino. Mwini bukuyo tidzamumva kumapeto."

Mapetowo ankawadikira ngati chigamulo cha iwo eni. Tsono dzulo lake ndinaiwala bukulo pansi pa makina. Mwana wanga wa chaka ndi theka anang'amba masamba asanu omalizira, ena anatafuna, ena anawaviika m'beseni la madzi ositira.

Ndinawauza m'mawa womwewo. Tupa inaleka kulira.

"Onse asanu?"

"Onse, bambo. Pepani."

Anamuyang'ana mwanayo nthawi yaitali, iye akuwasekerera ndi mano ake anayi.

"Ajaji," anatero, "mwadya chigamulo? Nanga ife tikadandaule kwa yani?"

Ndinaseka, koma iwo sanaseke kwenikweni. Anabwerera ku ntchito.

Cha m'ma teni koloko kunabwera bambo wina wa jekete yabwino, nsapato zonyezimira. Anatulutsa sopo wokulunga m'mpango. Pasopopo panali chidindo cha kiyi, mano onse akuoneka bwinobwino.

"Madala, ndidulireni ameneyu. Ndi wa kunyumba kwanga, ndataya."

"Mwataya kiyi, koma musanataye munayamba mwamudinda pasopo?" anafunsa Amakiyi. "Ndinu ochenjera, achimwene. Tiyeni tikaone chitsekocho."

"N'kutali."

"Miyendo ndili nayo."

"Inu ntchito yanu n'kudula, si kufunsa. Paja amati kale munkatsekula osafunsa."

Ndinaimitsa makina. Amakiyi anatenga sopoyo, anamuyang'ana ngati akusirira, kenaka anamufinya ndi chala chachikulu mpaka chidindo chonse chinafafanizika.

"Sopo wabwino uyu," anatero pomubwezera. "Mukasambe."

Bambo uja anatukwana mpaka pamsewu. Wogulitsa nsapato wa khonde loyandikana nalo anaseka mpaka kukhala pansi.

Masana atakwana, nthawi yathu yowerenga, ndinasowa chochita. Ndinawapatsa tiyi wa m'fulasiki, mwana akuseweretsa makiyi akale kumapazi awo. Ndinati ndikafunsa kwa ogulitsa mabuku akale, mwina lina lingapezeke.

"Musavutike," anatero. "Ndakhala ndikuganiza. Mwini bukuyo mwina sanagwirepo tupa. Akanamupha wokonza maloko uja patsamba lomaliza, ine ndikanatani? Ndikanakhulupirira iyeyo, kapena chala changachi?"

Anachikweza chalacho, chikadali ndi sopo m'chikhadabo.

"Ndiye wapolisi uja ananama?" ndinafunsa.

"Sananame zonse. Dzanja limakumbuka, Atelala. Nditaona mano aja pasopo, dzanjali linali litamudula kale kiyiyo. Koma dzanja lili ndi mwini wake."

Madzulo timatseka limodzi. Iwo amakoloweka makiyi pamisomali, aliyense pamalo pake, ine ndimapinda nsalu. Akazi awo amabwera kudzawatenga, n'kumawakalipira za malaya odetsedwa, iwo n'kumayankha kuti eya mayi, eya mayi, akundiphethira diso. Tsiku limenelo asananyamuke, Amakiyi anatulutsa kope latsopano ndi bolopeni m'thumba la ovolosi, nandiikira pamakina.

"Ajaji anadya masamba asanu, amayi awo abweze asanu. Mulembe inuyo mapetowo. Wokonza maloko uja kundende apite, chifukwa analakwa, musamukomere mtima. Koma atuluke, Atelala. Mumupezere kakhonde penapake, ndi tupa. Ndipo mulembe zilembo zikuluzikulu, ndikufuna ndiwerenge ndekha."