Dzenje la Zibenthu Kumunsi kwa Dimba Langa

Dimba langa lili m'tsinde mwa phiri ku Bowe. Madzi ochoka m'mabedi amatsika ndi ngalande n'kukathera padziwe pomwe anthu amachapira ndi kumwetsa ng'ombe. Chaka chomwe tonse olima madimba tinalimbikira tomato ndi kabichi, dziwelo linadzaza ndere. Alangizi a zaulimi atabwera anati vuto ndi feteleza wathu yemwe akukokoloka ndi madzi.

"Kumbani dzenje lalitali pothera ngalande," anatero. "Mudzazemo zibenthu za mitengo. Madzi akamadutsamo pang'onopang'ono, tizilombo tosaoneka ndi maso timachotsa fetelezayo."

Onse anavomera, koma tsiku lokumba tinapezeka awiri, ine ndi mkazi wanga. Tinakumba mpaka manja kuchita matuza. Zibenthu ndinakazitenga pa ngolo kwa ocheka matabwa, kuseri kwa phiri.

Madzi oyamba anatuluka ofiirira ngati tiyi. Alangizi sanatiuze kuti zimayamba choncho, ndipo foni yawo sinkapezeka. Mayi ena omwe ankachapa padziwe ananditsatira kudimba.

"Bambo, mwathira chiyani m'madzimu? Taonani malaya a kusukulu a mwana wanga!"

Lamlungu kutchalitchi anthu ankandipatsa moni wa patali.

Patapita masabata madzi anayera, ndere n'kuyamba kuchepa polowera ngalande yanga. Ndinapita kwa alamu anga, omwe munda wawo wa chimanga uli kumtunda kwa dimba langa, mizere yake yoloza kumunsi. Ndinawapempha kuti aipingase mvula isanagwe.

"Alamu, bambo anga ankalima chonchi," anatero, osasiya n'komwe kusema mpini. "Dzenjelo ndi lanu."

Mvula yoyamba yamphamvu inatsitsa dothi lofiira la m'munda mwawo. Dzenje linakwiririka, madzi analambalala, zibenthu zambiri zinayandama mpaka kudambo. M'mawa mwake ndinapeza anthu akuzitolera m'madengu. Mmodzi anandifunsa ngati ndibweretsenso zina, poti zikauma zimayaka bwino.

Alangizi aja anatulukira mvula itatha, ali ndi alendo awiri odzaona dzenje. Ndinawalozera matope. Alangiziwo anapukusa mutu, amvekere ndikanakumba kadzenje kena kumtunda kotchinga dothi.

"Nanga bwanji simunanene poyamba?" ndinawafunsa.

Anayang'ana alendo awo, nati tikambirana tsiku lina. Ndinatola kheni yanga n'kupita kukathirira tomato iwo asanalize n'komwe njinga zawo zamoto. Dzenjelo sindinalifukulenso, pano pamera bango.