Khofi wa Mlamu ndi Tepi ya Telala

M'banja mwathu monse palibe munthu amene anaondapo ndi khofi ngati ine. Chaka china ndinkamwa makapu khumi ndi awiri pa tsiku, ndipo ndinatha mpaka mkazi wanga ankandifunafuna m'bulangete ndi tochi. Tsiku lina kutawomba mphepo anakanditola padenga la aneba. Chabwino, limenelo ndi bodza. Khofi ndinamwapo kawiri kokha, ndipo kachiwiriko ndinalavula. Amene anamwa khofi zenizeni, mano ali gwa ndi mkwiyo, ndi mwana wa mchemwali wanga, telala uja wa kashopu koyandikana ndi wosoka nsapato.

Mwana ameneyu anakulira pansi pa makina a mayi ake, akutola zidutswa za nsalu n'kumavekera zidole. Atakwatiwa anatenga makina omwewo, opalasa ndi mapazi aja, n'kupeza kachipinda kamodzi. Muli tebulo lodulirapo, galasi long'aluka pakona, benchi la makasitomala, ndi katani yobisalako poyesa zovala. Tepi sichoka m'khosi mwake, ndipo ndikukhulupirira kuti amasamba nayo. Thupi ali nalo, sindibisa. Anatengera kwa bambo ake, chifukwa ife akuchikazi tili ngati nsungwi, mukapanda kuyang'ana mimba yangayi. Mayi ake anamusiyira lamulo limodzi: posoka chovala uzisiya nsalu mkati mwa msoko, zala ziwiri kapena zitatu, chifukwa munthu sakhala chimodzimodzi chaka chonse.

Nkhondo inayambira kwa apongozi ake, Lamlungu lina abale atasonkhana pakhonde. Telala anangoti akhale, mpando wapulasitiki n'kutambasula miyendo yonse inayi. Anthu akulimbana n'kubisa phwete, mlamu wake, mchemwali wa mwamuna wake, mlembi wa mu ofesi amene amayenda ngati pansi pali mazira, anayankhula.

"Achimwene, paukwati paja munkati mukutenga mkazi mmodzi. Enawa anabwera liti?"

Kenako anapisa m'chikwama n'kutulutsa paketi yonyezimira.

"Alamu, imwani uyu. Ndi khofi wochepetsa thupi, amasungunula mafuta ngati kandulo. Ena ndimawagulitsa, koma inu tengani ulere, tipulumutse mipando ya amayi."

Mwamuna wa telala anaseka nawo, maso ali pa nsapato zake. Telala anadzuka, n'kusasa fumbi, n'kulandira paketiyo ndi manja awiri. Amene amamudziwa anaona kuti ulemu umenewo uli ndi mano.

Anamwa khofiyo milungu itatu, m'mawa, masana ndi madzulo, cholinga chake akaonekere kwa apongozi ali ngati singano, mlamuyo atsamwe. Mtima unayamba kuthamanga kuposa makina. Manja ankanjenjemera moti ulusi unkaphonya diso la singano kasanu, ndipo anasokera mphunzitsi wina thumba la buluku chozondoka, ndalama zake zonse n'kumathera m'masokosi. Atadzizunguliza tepi, nambala inali yomwe ija, osasuntha ngakhale kachikhadabo.

Nesi wina, kasitomala wake wakale, anamupeza akuyang'anitsitsa kapu ngati mdani.

"Khofi amathamangitsa thupi pang'ono, njala amaiphimba kwa kanthawi," anatero nesiyo. "Koma mafuta amene amawotcha ndi ochepetsetsa, ndipo thupi likamuzolowera ndiye basi. Nanga shuga mumathira wochuluka bwanji?"

"Masupuni anayi. Ngowawatu ameneyu."

"Ndiye mukumwa switi, mayi. Mukuthira madzi m'chidebe uku mukuchotsa ndi chala."

Telala ankaganiza za kapu ya mlamu wake, imene ankaidziwa bwino: shuga masupuni asanu, mkaka wa ufa, mabanzi awiri pambali. Ankaganizanso zoti zovala zonse za mlamuyo zimadutsa pa tebulo lake, batani likaduka kapena mpendero ukamasuka. Khofi wotsalayo anamukhuthulira m'ngalande, ndipo manja anasiya kunjenjemera tsiku lomwelo.

Siketi yoyamba inabwera kudzaikidwa batani. Telala anaika batanilo, kenako anamasula misoko ya m'mbali, n'kutulutsa nsalu ya mkati ija theka la chala, n'kusokanso, n'kusita mpaka mabowo a singano atafafanizika. Mlungu wotsatira anachita chimodzimodzi ndi diresi la buluu, kenako siketi yakuda ya ku ofesi. Chovala chikabweranso kachiwiri, ankawonjezera theka lina.

"Alamu, taonani," anatero mlamu tsiku lina, chala chili m'chiuno mwa siketi. "Ikuzungulira yokha. Inu khofi uja munasiyiranji?"

"Ena tilibe mwayi, alamu. Inu wakuyanjani. Onjezerani kapu ina."

Anawonjezeradi, ndi banzi lake. Patatha miyezi inayi masaya anali atatsekereza ndolo, koma munthu amakhulupirira siketi yake kuposa galasi. Sikelo ya ku ofesi itamuuza zoona, anati ndi yakufa ndipo abwana agule ina. Telala ankamva zonsezi mapini ali kukamwa, n'kumangogwedeza mutu. Chilonda cha pakhonde paja ankachithirira ngati mbewu.

Kenako anthu ogulitsa khofiyo anakonza msonkhano mu holo ina, ndipo mlamu anasankhidwa kukaima kutsogolo kuti amayi aone okha zimene khofi amachita. Anabwera ndi nsalu yofiira yonyezimira. Telala atavula tepi m'khosi, mlamu anakweza dzanja.

"Musavutike. Chiuno changa ndikuchidziwa, ndi mainchesi sate-sikisi. Mwinanso kuchepera."

Diso la telala silinama, ndipo linali litawerenga kale fote. Diresi likakaphulika pagulu, anthu sadzati mwini wake wanenepa, adzati telala uja sadziwa kusoka, ndipo benchi lake lidzakhala la ntchentche. Choncho anatenga pepala ndi cholembera.

"Lembani nokha, alamu. Ine sukulu inandivuta."

Mlamu analemba, amayi atatu a pabenchi akuona. Telala anadula ndendende mmene pepala linanenera, koma sizasi itafika m'mbali, dzanja linasiya zala zitatu mkati mwa msoko uliwonse. Diresilo analitumiza Lachisanu litakulungidwa bwino, ndi uthenga wakuti lisavalidwe msanga lingachite makwinya.

Loweruka, tsiku la msonkhanolo, sakanatseka shopu, ndiye anatuma ine ku holo.

"Amalume, mukakhale kutsogolo. Mukaone zonse, mudzandiuze osasiyako kanthu. Osakometsera."

Ndinalumbira kuti sindinakometserepo nkhani chibadwire.

M'mawa wa Lowerukalo, benchi litadzaza, nesi uja ali pomwepo, mlamu analowa m'shopu atafunda nsalu, thukuta lili kamukamu. Diresi linali litaima m'chiuno, kukana kukwera, kukananso kutsika.

"Alamu, mwalakwitsa diresi. Msonkhano ukuyamba pompano."

Telala anatsegula kabati mosafulumira, n'kutulutsa kapepala kaja, n'kuyeza diresilo m'chiuno pamaso pa onse.

"Sate-sikisi. Dzanja ili ndi la ndani?"

"Analemba okha, tinalipo," anatero mayi wina pabenchi.

"Ndiye konzani, chonde," anatero mlamu, mawu atachepa.

"Kukonza ndikonza, koma sindisokera pepala kawiri. Ndiyeze munthu."

Mlamu analowera kukatani.

"Kumeneko kuli mdima, manambala sindiwaona. Bwerani pakati pano. Kwezani manja."

Mlembi wa mu ofesi uja anaima pakati pa shopu, manja m'mwamba ngati wagwidwa ndi apolisi. Telala anazunguliza tepi pang'onopang'ono, n'kuwerama, n'kutsinzina diso limodzi.

"Maso angawa akalamba. Anesi, tandiwerengereni."

"Fote," anatero nesi uja. "Ndi theka."

"Mwati bwanji?" anatero telala. "Nyundo ya aneba ikusokosa."

"Fote ndi theka."

Wosoka nsapato anasiya kukhoma. Mlamu anayang'ana tepi, n'kuyang'ana telala.

"Nanga masiketi anga aja?"

"Ankakula nanu limodzi, alamu. Sindikanalola kuti mlamu wanga azibanika ku ofesi."

Anamuvula diresilo movutikira, amayi awiri akukoka, ndipo mlamu anakabisala kuseri kwa katani. Telala anakhala pamakina n'kuyamba kumasula msoko, ulusi umodziumodzi, ngati munthu amene alibe kopita. Nthawi ya msonkhano inakwana, n'kudutsa.

Ine m'mawa umenewo ndinanyamukadi kupita ku holo, koma panjira ndinakumana ndi mnzanga wa kusukulu, ndipo za holo zinathera pansi pa mtengo wina. Cha m'ma leveni ndinakumbukira kuti ndinatumidwa, ndiye ndinalowa m'shopu ndikupukuta nkhope ngati wochokera kutali.

"Mwana wa mchemwali wanga, wabwezera. Ndinali pa mpando woyamba. Mlamu wako anangoti akweze dzanja kuti alonjere anthu, diresi lonse phuu. Zipi inauluka n'kuswa zenera, batani limodzi linagwetsa chipewa cha mlonda kugeti. Amayi mazana atatu anagwa m'mipando ndi kuseka, awiri anawatengera kuchipatala."

Telala sanasiye kupalasa makina.

"Munaona ndi maso anu, amalume?"

"Awiri onsewa."

"Linali la mtundu wanji diresilo?"

"Lobiriwira," ndinatero, osaphethira. "Lobiriwira ngati msipu."

Telala anaimitsa makina, n'kudula ulusi ndi mano, n'kukweza diresi lofiira limene linali pansi pa singano nthawi yonseyi. Kenako anatembenukira kukatani.

"Alamu, tulukani mudzayese. Amalume akufuna akufotokozereni mmene munaphulikira."