Kanema wa Bambo a Sereana

Torika ndi mnansi wanga kuno ku Levuka, tauni ya pachilumba, kuyambira tili atsikana. Nyumba zathu zinayang'ana kunyanja, ndipo mphepo yochokera kumeneko imadya chilichonse chachitsulo, kuyambira malata mpaka zipi za masiketi. Iye amagwira ntchito kufakitale ya nsomba, ndipo fungo lake silichoka m'manja mwake ngakhale atasamba ndi mandimu.

Amuna ake, a Rusiate, kale ankayendetsa boti. Sitiroko inawagwetsa padoko, n'kuwasiya akufa mbali yakumanja, pakamwa patapotoka, mawu atatsala ochepa chabe. Mwana wawo Sereana anakwatiwa kutali, ku Labasa. Choncho Torika akamapita kuntchito ankawasambitsa, kuwakhazika pampando, kuwaikira chinangwa ndi tiyi pafupi ndi dzanja lamoyo, n'kuwayatsira wailesi yakanema. Kanemayo akamayankhula, a Rusiate ankakhala phee tsiku lonse.

Tsiku lina kanemayo anazima Torika ali kuntchito. Ine ndikuyanika zovala ndinaona chinthu chikukwawa mumsewu. Anali a Rusiate. Anatsika masitepe chafufumimba, mawondo ali magazi okhaokha, ndipo ankadzikoka ndi mkono umodzi kulunjika kukhoma lotchinga nyanja. Madzi anali atadzaza. Nditawagwira sanalimbane nane, koma maso awo sanachoke pamadzipo.

Kutacha, Torika anasenza kanemayo kupita naye kwa a Shiu Prasad, okonza mawailesi kuseri kwa bekale, ine ndikumuperekeza. Mkuluyo atatsegula kumbuyo, tinaona m'kati monse muli biriwiri ngati ndere.

"Awa ndi maliro, mayi," anatero. "Mchere wamaliza ntchito yake."

"Ndigule wa kampani yanji tsono, amalume?" anafunsa Torika.

"Dzina labwino limathandiza, sindikana. Koma nyanja iyi sidziwa kuwerenga. Kanema aliyense adzadwala basi, nkhani ndi yoti akadwala atheke kuchizika. Mukakagula kumzinda waukulu ku Suva muziwatembenuza. Ambiri atsopanowa amawamata ndi guluu, ukati utsegule galasi limasweka. Mupeze wamasikuluu, wa mtundu umene anthu ambiri kuno ali nawo, kuti wa mnzanu akafa ndizichotsako ziwalo."

Akuyankhula choncho, sikuluu inawapulumuka n'kugwera pansi. Anaifufuza ndi manja nthawi yaitali, chikhalirecho inali pafupi ndi phazi lawo, poyera. Ine ndi Torika tinangoyang'anana.

Loweruka Torika anakwera sitima yapamadzi, ine n'kutsala ndi odwala. Za ku Suva anadzandifotokozera yekha atabwerako. Akuti analowa sitolo ndi sitolo akusuzumira kumbuyo kwa makanema, mpaka wogulitsa wina, bambo wa tayi, anayamba kumuseka.

"Anti, anzanu amaonera mbali yakutsogoloyi!"

Anamuonetsa kanema wamkulu ngati chitseko, wopyapyala, wotchipa, wa dzina limene Torika anali asanalimvepo. Mitundu yake inali yowala moti udzu wa m'bwalo la mpira unkaoneka wonyowa. Torika anavomera kwa ine kuti mtima unapita pamenepo, poganiza mmene a Rusiate akanasangalalira.

"Akawonongeka?" anafunsa.

"Mumabwera naye kuno, ife timatumiza kunja. Mwezi umodzi, iwiri, wabwera."

"Nanga miyezi iwiriyo amuna anga aziyang'ana chiyani?"

"Aziyang'ana inuyo, anti. Si munakwatirana?"

Torika sanaseke. Anasankha wamng'ono, wonenepa kumbuyo, wa kampani yodziwika, amene anatsalira pakona chifukwa fasho yake inapita. Anapempha kuti amulole kukhudza masikuluu ake ndi chala asanamuike m'katoni.

Kanemayo anatumikira bwino. Torika anamuika kukhoma lakutali ndi zenera, n'kumusokera nsalu yomufunditsa akazima. A Rusiate ankaonera ragibi ndi maulaliki, ndipo timu yathu ikagoletsa ankamenya mpando ndi dzanja lamanzere. Ananenepako pang'ono.

Chaka chisanathe, a Shiu anatseka shopu. Maso anali atawathera, ndipo mwana wawo wamkazi anawaitana kunja, ku Auckland. Potsanzika anabweretsera Torika katoni ya ziwalo zochotsa m'makanema akufa a mtundu womwewo.

"Zikomo, amalume. Koma adzaziikemo ndani?"

Mkuluyo anakanda kumutu. "Mwina kubwera wina," anatero, koma mawu ake sanali a munthu wokhulupirira. Mpaka pano sikunabwere aliyense. M'shopu muja akugulitsamo makadi a foni.

Nyengo yamvula itayamba, m'mphepete mwa galasi munatuluka kamzere kobiriwira, kowonda ngati ulusi. Anayamba kukaona ndi a Rusiate. Torika anawapeza akuloza, mpira ukuseweredwa iwo osauyang'ana. Sabata yotsatira timizere tinali tiwiri.

Apo Torika anagula loko n'kuyamba kukhoma chitseko kunja akamapita kuntchito, poopa kuti kanema akafa a Rusiate akwawiranso kunyanja.

"Nanga moto utabuka, mnzanga?" ndinamufunsa.

"N'chifukwa chake kiyi ndikukupatsa iweyo. Ukangomva kuti zii, thamanga."

Kuyambira pamenepo ndimagwira ntchito zanga khutu lili kukhoma. Ndinasiya kuyatsa wailesi yanga. Magetsi akathima ndimasiya mphika pamoto n'kupita kukakhala nawo mpaka abwere.

Lachitatu lapitali, masana, ndikupala kokonati, phokoso la kanema linaduka. Magetsi analipo, firiji yanga inkalira. Ndinathamanga manja ali mbuu, n'kutsegula loko. Ndinapeza kanema ali bwinobwino, m'busa akutambasula manja pagalasi koma mawu osatuluka. Rimoti inali m'dzanja lamanzere la a Rusiate, chala chili pabatani. Mpando anali atausendeza kufika pakati pa chipinda.

"Mwatani kodi, bambo a Sereana?"

Sanandiyang'ane. Ankayang'ana kumbuyo kwanga, pachitseko chimene ndinasiya chotsegula. Kenako anadina batani, mawu a m'busa n'kubwerera.

Madzulo ndinamuuza Torika tili pakhonde. Anayamba kufikisa manja ake.

"Akuyesa kuti umafika msanga bwanji," anatero. "Ndipo akudziwa kuti ukafika umatsegula."

Tsopano rimoti Torika amapita nayo kuntchito m'chikwama. Wauza akuluakulu a kufakitale kuti mwina mwezi wamawa asiya ntchito, ayambe kuphika maroti, mtundu wa chapati, ogulitsa pakhomo. Sereana akuti abwera pa Khirisimasi, mwamuna wake akalola. Dzulo nditapita kukawapatsa tiyi, a Rusiate anandigwira dzanja mwaulemu, n'kutchula dzina langa bwinobwino koyamba chidwalireni. Kenako anandipempha, ndi manja, kuti ndiwasendezere mpando pafupi ndi zenera loyang'ana kunyanja.