Kabogi ka Mawindo Aakulu

Ndikangonunkhiza guluu wosakanikirana ndi parafini, ndimapezeka ndabwerera m'kashedi ka agogo a Wedson Majamanda, kuseri kwa nyumba zogundizana za mumsewu wathu ku Wakefield, mvula yamawawa ikugogoda padenga, hita ikufuka kautsi pakona, wailesi ikung'ung'udza za mpira popanda woimvera, eni ake ataweramira patebulo, magalasi ali pansonga ya mphuno, akupala kachitsulo ndi tupa: kwe, kwe, kwe, kenaka fuu, kuuzira fumbi.

Sanali agogo anga ondibala. Anali aneba chabe. Ine ndinafika ku England ndili ndi zaka khumi, kutsatira amayi amene anatsogola kudzagwira ntchito ya unamwino pachipatala. Ndinasiya ku Bangwe anzanga a fulaye ndi phada, n'kudzapeza thambo lotuwa ngati phulusa ndi sukulu yomwe ana ankaseka ndikangoyamba kulankhula. Ndiye ndinatseka pakamwa. M'kalasi ndinkangogwedeza mutu, kunyumba ndinkayankha ndi mapewa, mpaka amayi anayamba kulira pofuna kundibwezera kumudzi kwa azakhali.

Loweruka lina ndikuyanika zovala kuseri, mphepo inandilanda shiti n'kuigwetsa m'matope. Ndinalalata ndekha m'Chichewa, poganiza kuti palibe womva. Mawu anachokera kuseri kwa mpanda.

"Iwe mwana, ukunena Chinyanja kodi?"

Anali mkulu wamtali, wa imvi mbuu, atavala juzi yobooka pazigongono. Tinkamuona kale mumsewumo, koma amayi ankati mwina ndi wa ku Jamaica.

"Kwanu n'kuti?"

"Ku Bangwe."

"Ku Bangwe! Pafupi ndi Limbe pomwe!" Anagwira mpanda ndi manja onse awiri ngati akufuna kugwa. "Ine kwathu n'ku Luchenza. Tandiuza, sitima ikupitabe ku Port Herald?"

Dzinalo ndinali ndisanalimvepo. Amayi ndi amene anatuluka, n'kupinda maondo pakhonde lonyowalo, n'kuwauza kuti kumeneko masiku ano timati ku Nsanje, ndipo njanji yake inaduka ndi madzi osefukira. Agogo anangoti, "Ooo." Chichewa chawo chinali ngati suti yosungidwa pansi pa sutikesi, yonunkhira kalekale, yokwinyika, koma yosang'ambika pena paliponse.

Kuyambira pamenepo, amayi akakhala pa shifiti yotulukira madzulo, ine ndikaweruka kusukulu ndinkalowera kwa agogo. Tsiku loyamba kulowa m'kashedi kaja ndinaima pakhomo kukamwa yasa. Thabwa lalikulu linazungulira makoma onse, pamwamba pake pali mapiri opangidwa ndi mapepala ndi pulasitala, nkhalango za timitengo totalika ngati chala, nyanja ya vanishi yonyezimira, ndi kanjanji kokhotakhota kodutsa pamilatho.

"Zidole!" ndinatero.

"Ayi. Chidole chimanama. Izi zinalipo ndithu, ndinaziona ndi maso angawa."

Ananyamula kabogi kamodzi kofiirira, kotalika ngati rula ya kusukulu, n'kukaika m'manja mwanga ngati akundipatsa mwanapiye. Anati dzina lake ndi saluni. Ndinafunsa ngati munkakonzedwa tsitsi, ndipo anaseka mpaka kutsokomola, n'kuchita kuvula magalasi.

Bogi imeneyi, anandiuza, sinkakwera anthu wamba. Inali ya mainjiniya oyendera njanji za kumapiri a kumpoto kwa Scotland. Mutu wa sitima unkaikankha kuchokera kumbuyo kuti mawindo ake aakulu ayang'ane kutsogolo, mabwana atakhala m'mipando yawofuwofu, maso ali panjanji, kuona pamene madzi akumba, pamene mwala wagumuka kuphiri, pamene mlatho wayamba kutopa. Akaona chokayikitsa ankaliza belu, sitima n'kuima pakati pa tchire, iwo n'kutsika ndi makwerero. Agogo malo awo anali m'kakhitchini ka pakati pa bogiyo. Anabwera kunoko ali mnyamata, potsatira mzungu wina wa panjanji amene ankamuphikira ku Limbe, ndipo mzunguyo ndi amene anawapezera ntchitoyi ku Inverness.

"Suzumira pawindo ili. Waiona ketulo? Pamenepo m'pamene ndinkaima. Kapu ikayamba kuvina pasosa, ndimadziwiratu kuti belu lilira posachedwa."

Masiku a chisanu, kunja kukuda tisanamalize n'komwe tiyi, ankayendetsa kabogiko pang'onopang'ono kuzungulira shedi, akutchula masiteshoni ndi mayina ovuta ngati akutsuka kukhosi, akusimba za agwape ofiira oima pambali pa njanji mpweya ukutuluka m'mphuno ngati utsi, za sinowo yokwirira mipanda mpaka nsonga, za fungo la nyama yokazinga m'bogi yotentha pamene kunja madzi auma gwa. Akaiwala liwu la Chichewa ankadina chala patebulo, ine n'kuwakumbutsa. Ine ndikalephera la Chingerezi, iwo ankandipatsa lawo la ku Scotland, lolemera ngati mwala. Mosazindikira ndinayamba kulankhulanso, poyamba m'shedimo, kenaka kunyumba, pamapeto pake ndi kusukulu komwe.

Pashelefu ya pamwamba panali kabogi kena kophimbidwa ndi kansalu. Ndinkaonanso kuti Lachitatu ndi Lamulungu lililonse agogo ankameta ndevu, kumanga tayi, kunyamula kapepala ka mabisiketi, n'kukakwera basi. Nditafunsa amayi, anandiuza motsitsa mawu kuti ali ndi akazi awo, a Isobel, amene akukhala kunyumba yosamalirako okalamba chifukwa cha matenda oiwala. Ana analibe.

Tsiku lina ndinawapeza atavundukula kabogi kaja. Kanali kosiyana ndi koyamba: kumapeto kwake kunali magalasi okhaokha ozungulira, ndipo timipando tonse tinayang'ana kunja. Iyi inali bogi ya alendo okaona malo, imene m'chilimwe ankaimangirira kumbuyo kwenikweni kwa sitima yopita ku Kyle, kuti anthu aziona mapiri ndi nyanja popanda chowatchinga. Chaka china wothandiza m'bogimo atadwala, anabwereka agogo kwa milungu yochepa. M'menemo munali mtsikana wopereka tiyi, wa tsitsi lofiira ngati katondo, wolongolola ngati namzeze.

"Anandiphunzitsa kunyamula thireyi sitima ikukhota," anatero agogo. "Ine ndinkadziwa kale, koma ndinadzipusitsa."

Kabogiko kanali katatsala pang'ono kutha. Kankasowa anthu okha. Agogo anaviika kabulashi m'penti, koma dzanja lawo linayamba kunjenjemera, kabulashi kakuvina m'malere osakhudza kamunthu kapulasitiki komwe anakapana ndi chopanira. Anayesa kugwira dzanjalo ndi linzake. Penti inadontha pathalauza. Anaika kabulashi pansi n'kuyang'ana manja awo ngati a munthu wina.

"Chaka chino manjawa anditaya, mdzukulu. Ndimafuna mayi aja akaone akadali ndi maso."

Sanandipemphe. Ine ndinangokoka mpando n'kutola kabulashiko.

Ntchitoyo inatitengera nyengo yonse yachisanu. Iwo ankanena, ine ndinkapenta: mayi wa chipewa chobiriwira, m'busa wogona tulo, ana awiri olimbirana windo. Mtsikana wa tiyi tinamubwereza kangapo chifukwa tsitsi silinkafiira mokwanira. Kenaka anatulutsa kamnyamata konyamula thireyi. Tianthu tonse ta m'sitolo tinali tazungu, ndiye ndinasakaniza penti yofiirira ndi yakuda pachivundikiro cha botolo, ndikuyerekeza ndi kuseri kwa dzanja lawo, mpaka zinafanana.

"Ameneyu wakongola kuposa ine," anatero. "Musiye choncho."

Lamulungu lina la m'nyengo yophukira maluwa, amayi anandiloleza kuti ndiwaperekeze. Kabogi tinakaika m'katoni ya nsapato yoyalamo thonje, ndipo ndinaifungatira pamiyendo njira yonse ya basi. Kunyumba ya okalambayo kunkanunkha sopo ndi kabichi wowiritsa. Wosamalira wina, mayi wa ku Zambia, anawalonjera agogo m'Chinyanja n'kundinong'oneza kuti ndisadabwe ndi chilichonse.

A Isobel anakhala pampando pafupi ndi windo, bulangeti lili pamaondo. Tsitsi lofiira lija linali litayera ngati thonje. Anawayang'ana agogo mwaulemu, monga timayang'anira mlendo wa kumpingo.

"Ndinu bambo a mabisiketi aja," anatero m'Chingerezi chawo cha ku Scotland. "Ndinu okoma mtima."

Agogo anavula chipewa n'kukhala pansi. Ine ndinatsegula katoni, n'kuika kabogi patebulo, pamene kuwala kwa dzuwa kunkalowera m'mawindo ake. A Isobel anakayang'anitsitsa. Kenaka anaweramira kutsogolo mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi.

"Makatani awa alakwika. Anali achikasu."

"Pepani, mayi. Tikonza," anatero agogo.

"Ndipo m'busayu sanalipo tsiku lililonse." Chala chawo chowonda chinayenda m'mbali mwa kabogiko n'kuima pa kamnyamata kaja. Mawu anasintha, anakhala ngati a mtsikana. "Uyu ndi Wedson. Taonani mmene wagwirira thireyi. Ndinamuphunzitsa ndine." Anatembenukira kwa agogo. "Mukumudziwa mnyamata ameneyu?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndikuwe kuti ndi awa, ndi awa akhala apawa, koma dzanja lonjenjemera lija linagwira phewa langa n'kulidina.

"Ndikumudziwa bwino lomwe," anayankha agogo.

"Akufuna kundikwatira. Bambo anga akukana, akuti anthu atiseka mumsewu." Anatsitsa mawu, akuyang'ana kukhomo ngati bambo awowo alowa. "Ndikuopa kuti atopa. Abwerera kwawo ku Africa, amayi ake akumudikira."

Agogo anasendera kufupi nawo.

"Sabwerera. Ndinamufunsa ndekha. Akuti sapita kulikonse."

"Zoona?"

"Zoonadi. Mudzakhala naye mpaka imvi."

A Isobel anaseka, n'kuphimba pakamwa ndi dzanja, masaya atafiira. Anatenga bisiketi n'kuibenthula, theka n'kupatsa agogo.

"Mukamuona mumuuze azivala sikafu. Amadzionetsa kulimba, koma kuzizira kwa kuno sakudziwa."

"Ndikamuuza, mayi."

Pobwerera ndinawatembenukira agogo basi itadutsa pa tchalitchi chachikulu cha mumzinda. Ndinali wokwiya, sindinkadziwa kuti ndakwiyira ndani.

"Agogo, bwanji simunawauze kuti ndi inuyo?"

Anayang'ana kunja kwa windo, chipewa chili pamaondo.

"Ndinkawauza kale. Ankalira, ankati ndikunama, ankafunsa kuti mnyamata wawo ndamuika kuti. Ndikawauza, amataya mnyamatayo n'kupeza nkhalamba yosaidziwa. Zambiri zawachokera kale. Ndiwalandenso ichi?"

Mawa lake nditaweruka tinatsegula denga la kabogi n'kupenta makatani achikasu, ndipo Lachitatu agogo anakabweza okha. Kanakhala pawindo la a Isobel mpaka anamwalira chisanu chotsatira. Wosamalira wa ku Zambia uja anatiuza kuti m'mawa uliwonse ankakalonjera. Agogo sanakatengenso, anapempha kuti kaikidwe m'bokosi, pambali pa dzanja la akazi awo.

Iwo anakhalabe zaka zingapo, manja akunkabe nanjenjemera, mpaka amayi ndi ine tinkasinthana kuwamangira mabatani a malaya. Ku Luchenza sanapiteko. Amayi atawauza kuti tipitire limodzi patchuthi, anati kumeneko aliyense wowadziwa anagona kale, ndipo kuno kuli manda ofunika kulambula. Atamwalira ndili chaka choyamba ku koleji, amayi anaimbira foni a Malawi a ku Leeds ndi ku Sheffield, anthu amene sanawaonepo ndi kamodzi komwe. Anabwera odzaza magalimoto, azimayi atavala zitenje pamwamba pa majekete, n'kuimba nyimbo za maliro za kwathu pamanda achizungu, mvula ikuwaza, azungu a mumsewu wathu ataima chapatali zipewa zili m'manja.

Lero ndine namwino ku Leeds, m'chipinda cha okalamba. Kusukulu anatiphunzitsa zambiri za matenda oiwala, za ubongo ndi mankhwala ake, ndipo ndimazigwiritsa ntchito. Koma sabata yatha gogo wina wachizungu, amene amuna ake anamwalira ine ndisanabadwe, anandigwira mkono ndikumusintha pilo. Anali atadzipesa tsitsi yekha, mopotoka. Anandifunsa ngati Harold wake wafika pageti, chifukwa analonjeza kudzamutenga kupita kudansi, ndipo iye akuopa kuti waiwala.

Ndinasiya pilo. Ndinakhala pamphepete mwa bedi n'kutenga chipeso m'manja mwake.

"Sanaiwale, mayi," ndinatero. "Tembenukani, ndikukonzeni kumbuyoku."