Kapoto ka Atate

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene atate anabweretsa mkazi wina m'nyumba yathu ku Kanyama, patangotha chaka amayi atamwalira. Anali ba Mwansa, a ku Luapula, munthu wosalankhulalankhula. Azakhali anga a ku Matero, alongo awo a atate, sanawakonde kuyambira tsiku loyamba.

Zaka zimenezo saladi, mafuta ophikira aja, ankasowa. Unkaima pamzere kuyambira m'mawa n'kubwerako chimanjamanja. Koma ife botolo tinali nalo. Ba Mwansa ankathira pang'ono m'ndiwo za anafe n'kulibisa m'sutukesi. Za atate ankaphika padera, m'kapoto kakang'ono, osathiramo ngakhale dontho.

Ndinkawaonerera. Ankapala buka, nsomba yoyera mnofu ija, n'kuidula patatu. Pansi ankayala anyezi ndi tomato, kenako nsomba, mchere ndi madzi osakwana kapu. Ikangowira ankaika repu pamwamba n'kuvundikira. Malasha asanayake onse pa mbaula, ndiwo zinali zitapsa. Atate ankadya, koma ankaonda. Lamba wawo anaboola kawiri.

Loweruka lina azakhali anandikokera kuseri kwa nyumba.

"Iwe Tisa, chifukwa chani ba tate bako babaphikira pambali? Uziyangana mu kapoto kaja. Ba mai bako sibanaphikepo nsomba ya manzi-manzi so."

Kuyambira tsikulo ndinasanduka mlonda. Ndinkanunkhiza kapotoko ba Mwansa akangotembenuka. M'sutukesi ndinapezamo botolo ndi kapepala kamene sindinathe kuwerenga, koma mankhwala ayi. Ndiye ndinaganiza kuti sakuwathirira kanthu, akungowamana kuti athe pang'onopang'ono.

Lamlungu masana ba Mwansa anapita kumpopi, ndiwo zili pamoto. Ndinatenga botolo, ndinathira saladi wambiri m'kapoto, ndipo chakudya ndinakapereka ndekha. Atate anayang'ana msuzi wonyezimirawo, anamwetulira, n'kudya zonse. Mtima wanga unakhala pansi.

Pasanathe ola anali atagona pasimenti, atagwira mimba chakumanja, akusanza, thukuta lili kamukamu. Ba Mwansa ananunkhiza mbale n'kundiyang'ana. Sanandimenye. Anawasamalira mpaka ululu unachepa, kenako anandiitanira kumbaula.

"Ba tate bako badwala ndulu. Ku kiliniki banaletsa mafuta. Ba tate bako beve banakana kuti tikuuze, ati mwana wataya mai manje-manje, asamvele futi va matenda."

Ndinalira. Iwo anadikira mpaka ndinatonthola.

"Nenze kukuona ununkhiza poto," anatero. "Kuyambira mailo uziphika ndiwe. Uzaziba vamene vilimo."

Mawa lake anandipatsa mpeni ndi nsomba, n'kukhala pambali panga akundiuza madzi okwanira. Atate anadya ndiwo zoterozo zaka zambiri, mpaka anaona ana anga.

Chaka chatha amuna anga anadwala, ndipo nawonso anawaletsa mafuta. Ndinayamba kuwaphikira padera, anyezi pansi, nsomba pakati, repu pamwamba. Alamu anga, alongo awo, ankabwera n'kuima pakhomo, maso ali pamanja anga. Maso amenewo ndinawadziwa msanga, chifukwa ndinakhalapo nawo. Ndinawafotokozera zimene ananena adokotala, kenako ndinawapatsa mpeni ndi nsomba kuti aphike okha. Anakana. Amuna anga atamwalira, pamaliro ndinamva akunong'onezana kuti ndinkamana mwamuna wanga chakudya.

Ndinangoganiza za ba Mwansa, amene anagona kalekale. Anali mlendo m'nyumba ya eni, akuphikira wodwala, mwana akuwazonda ngati mfiti, ndipo anasunga mawu a atate miyezi yonse ija. Ndinadya m'manja mwawo mpaka ndinakwatiwa, koma sindinawafunsepo ngakhale tsiku limodzi kuti zinkawapweteka bwanji. Tsopano ndikudziwa, ndipo woti ndimupepese palibe.