Chithunzi cha Rejoice

M'chaka cha 2009, nyengo ya chiperoni, a Venansio Chakwamba anatsegula situdiyo kuseri kwa msika wa Zingwangwa. Anali a ku Nsanje, Mkatolika wosajomba Misa ya m'mawa, ndipo m'tauni anabwera ndi kamera imodzi basi. Mu Meyi 2014 anagula kompyuta yogwirapo kale ntchito, napezamo pulogalamu yokonzera zithunzi. Anaiphunzira okha. Ankachotsa ziphuphu pankhope za akwati, kuveka suti amuna opanda suti, ndi kuimika ophunzira patsogolo pa magalimoto omwe sanakwerepo.

Anali ndi kagwiridwe kawo. Chithunzi akachilowetsa m'kompyuta, ankachikonzera mu fayilo imodzi yomweyo mpaka kumapeto, osasunga ina pambali. Ankati zambirimbiri zimadzaza makina.

Pa 13 Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope nakokolola nyumba za ku Chilobwe. Patatha masabata awiri, Lolemba pa 27, kunabwera mayi Bernadeta, ogulitsa makala. Mwana wawo Rejoice, wa zaka zisanu ndi zinayi, sanapezeke. Mu jumbo munali chithunzi chimodzi chomwe anachifukula m'matope, cha tsiku lomwe mwanayo analandira Ukaristia koyamba.

“Bambo, manda ndilibe,” anatero mayiwo. “Mundikonzere chomwechi, ndizichiona.”

Chithunzicho chinali chonyowa, matope ataphimba tsaya limodzi. A Venansio anachilowetsa m'kompyuta bwinobwino, kenako anakachiyanika padenga la malata, mwala pamwamba, monga ayanikira chimanga. Dzuwa linawomba masana onse. Pochitenga, nkhope inatsalira pamwala, pepala lili mbee. Anadzilimbitsa mtima kuti m'makina ilimo.

Anagwira ntchitoyo masiku khumi. Tsaya linayera, diso lamanzere linabwerera, ngakhale mpata wa dzino lomwe linaguluka unaoneka. Lachinayi Loyera, pa 6 Epulo, akusunga ntchito ya tsikulo, magetsi anathima.

Atayaka, pulogalamuyo inakana. Akaidina, inkaonetsa dzina lake, kuzungulira pang'ono, n'kuzimirira. Anazimitsa kompyuta n'kuyatsanso, kasanu. Anazula pulinta ndi zingwe zonse zosafunika. Anamasula chivundikiro n'kupemerera fumbi ndi pampu ya njinga. Palibe chinasintha.

Loweruka mayi Bernadeta anafika.

“Chatheka, bambo?”

“Chatsala pang'ono, mayi. Makina akungovuta.”

“Ndingosuzumirako?”

“Sabata ya mawa.”

Lachiwiri pa 11 Epulo a Venansio ananyamula kompyutayo pa minibasi kupita ku Chirimba, kwa Nedson wokonza makompyuta, mnyamata wa ndevu zake, wa pakamwa posatseka.

“Madala, ichi ndi chakale kuposa ukwati wa makolo anga,” anatero Nedson. “Simukuchimvera chisoni?”

“Konza, iwe. Zoseka pambuyo.”

Nedson anachotsa pulogalamuyo n'kuikamo yatsopano. Inatseguka. A Venansio anawomba m'manja. Koma atangodina fayilo ya Rejoice, inazimiriranso, ndipo kuyambira pamenepo inkafa nthawi iliyonse poyamba.

“Mwaona? Vuto si pulogalamu,” anatero Nedson, nthabwala zitatha. “Ikamadzuka imathamangira ntchito yomwe munasiyira. Ikangoigwira, imagwa. Fayilo yanuyi inaduka pakati magetsi atathima. Ina ili kuti?”

“Ina iti?”

“Yoyamba ija, musanayambe kukonza.”

“Ndi yomweyo.”

“Nanga chithunzi chenichenicho?”

A Venansio anayang'ana pansi.

Nedson anayesa masiku atatu, pa makompyuta ena awiri. Chomwe anatulutsa ndi kachigawo ka pamwamba: khoma la tchalitchi ndi nsonga ya kansalu koyera ka kumutu. Kuyambira pachipumi kutsika kunali phulusa lokhalokha.

Mayi Bernadeta anabwera Loweruka lililonse, pa 15, pa 22, pa 29. A Venansio ankanena za magetsi, za makina, za inki. Pakati pa sabata ankayenda kufunafuna chithunzi china cha Rejoice. Anakafunsa ku parishi, koma wojambula wa tsiku lija anali woyendayenda ndipo palibe ankamudziwa dzina. Anakafunsa kusukulu. Anafunsa amayi a m'mphakati ngati wina anali nacho mufoni. Mafoni ambiri anapita ndi madzi.

Pa 6 Meyi a Venansio anawauza mayiwo zoona. Anaika patebulo pepala loyera lija ndi kachigawo kosindikiza. Kenako anati:

“Mukabwera ndi mng'ono wake wa Rejoice, ndingamujambule n'kukonza nkhope. Ndikuikumbuka bwino. Angafanane ndithu.”

Mayiwo anawayang'ana.

“Angafanane? Bambo, ine ndinabwera ndi mwana wanga.”

Sanakalipe. Anapinda kachigawo kaja, anakamanga kunsonga ya chitenje, natuluka.

Pulogalamuyo inkatseguka bwino tsopano, Nedson ataichotsera chikumbukiro cha fayilo ija. Koma a Venansio akakhala pampando, dzanja silinkayenda. Anabweza akwati awiri. Mu Julayi situdiyo inkatsegulidwa masiku ena okha, ndipo ku Misa anayamba kukhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko, n'kutuluka anthu asanayambe kupatsana moni. Kompyuta anamusiyira Nedson, ati aphwasule atengemo zofuna.

Anakwera basi ya ku Nsanje Lachisanu, pa 18 Ogasiti 2023.